Kodi munthu wamanyazi angayendetse malonda mliri ukagwa?

Mayi wina wa ku Ulongwe, mwini kagolosale pafupi ndi msika, wanditumizira imelo. Achimwene awo akuti mayiwa anapulumuka nthawi ya korona mwamwayi chabe, chifukwa malonda amafuna munthu wapakamwa, osati wamanyazi. Mayiwa akufunsa ngati angosiya malondawo.

Mayi, musasiye. Achimwene anuwo akusokoneza kukopa makasitomala ndi kusunga mpamba.

Kumbukirani mmene zinalili. Wodwala korona woyamba m'dziko muno la Mozambique anapezeka pa 22 Malichi 2020, ndipo kuyambira pa 1 Epulo boma la a Nyusi, omwe anali pulezidenti pa nthawiyo, linaika malamulo okhwima. Mabala anatsekedwa, machapa (maminibasi) anachepetsa okwera, kukapikula ku Malawi kudzera pa chipata cha Calomue kapena cha Zobue kunavuta. Pa nthawi ngati imeneyo chimene chimagwetsa golosale si kusowa kwa ogula kokha ayi, koma ndalama kumangika m'ngongole ndi m'katundu wosayenda.

Tsono khalidwe lililonse lili ndi pogwera pake. Wochezeka amadzaza sitolo ndi anthu, koma ndiye amalephera kukana mnzake akati "ndilembereni shuga, ndilipira ndikagulitsa fodya". Wolimba mtima amapikula matumba ambiri a kachewere poganiza kuti mtengo ukwera, galimoto yopita ku Tete isapezeke, kachewereyo n'kuyamba kuwola. Ndinene mosabisa: wolimba mtima amene salemba kanthu ndiye woyamba kutseka. Anthu amamutama chifukwa amamveka patali, ndipo akagwa amati ndi mliri, pomwe mpamba unali utadyeka kale. Wodera nkhawa naye ali ndi lake, amaumira kupikula mpaka mashelefu kuyera.

Inu pogwera panu ndi pawiri: kulonjerera ngongole ndi kunenerera mtengo kwa wopikulitsa. Zonsezi zimatheka popanda kukweza mawu.

Ndiye muchite chiyani?

Gulani kope, mulembe madzulo aliwonse zolowa, zotuluka ndi zomwe mwatengera pakhomo, ngakhale sopo mmodzi. Ikani malire a ngongole, mwachitsanzo mametikali 200 pa munthu, mulembe papepala n'kumata pakauntala kuti pepalalo lizikukanirani. Wangongole mutumizireni uthenga pafoni wotchula ndalama, tsiku ndi nambala yanu ya M-Pesa kapena e-Mola. Koma akati watumiza, onani nokha mu akaunti musanapereke katundu, chifukwa mauthenga abodza alipo. Musanapikule funsani mitengo kwa anthu atatu, kenako muuze amene mumamukonda mtengo wotsikitsitsawo. Zikayamba kuvuta, mpamba wambiri upite ku mchere, sopo, mafuta ndi nyemba, zowola muzitenga za masiku awiri okha. Ndalama ya chipereganyu ikakufikani, patulanipo kaye ya lendi ya miyezi iwiri musanawonjezere katundu.