Kwa achemwali amene mayi awo akumasiya mankhwala a BP

Achemwali, mwafunsa kuti mutani poti mayi anu ali ndi BP ndi shuga, amaonedwa ndi madokotala osiyanasiyana, ndipo akangopezako bwino amasiya mankhwala. Ine ndine namwino, ndipo nkhani ngati yanuyi imandikhudza kwambiri.

Pakhale munthu mmodzi woyendetsa za chisamaliro chawo, kaya inuyo kaya m'bale wina, osati lero uyu mawa uja. Ameneyo asunge kope limodzi lolembamo dzina la mankhwala aliwonse, nthawi yomwera, zotsatira za BP ndi shuga, komanso tsiku lobwerera kuchipatala. Popita, mankhwala onse atengedwe m'thumba limodzi, ngakhale amene anagula okha. Mankhwala a ululu monga ibuprofen amatha kukweza BP ndi kuvulaza impso, ndipo dokotala sangalote kuti akumwa ngati sanawaone. Musanatuluke m'chipinda cha dokotala, mayi abwereze okha zimene auzidwa. Apa m'pamene timatulukira kuti wina wamva "awiri nthawi imodzi" pomwe anauzidwa "kawiri pa tsiku".

Pa za kusiya mankhwala, chonde musawakalipire. Mu 2003 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalemba kuti ngakhale m'mayiko olemera, pafupifupi theka lokha la odwala matenda okhalitsa ndi amene amamwa mankhwala monga anauzidwira. Si kuuma mutu ayi. BP nthawi zambiri sipweteka. Munthu amayenda ndi BP yokwera ya 160/100 akudzimva bwinobwino, ndiye amaona ngati wachira.

Khalani nawo pansi muwafunse kuti, "Amayi, mankhwalawa akukuvutani pati?" Mukatero mukhale chete, ayankhule. Ena amadandaula kukodza pafupipafupi, ena chifuwa chouma chosatha, ena chizungulire, ena angotopa ndi kuchuluka kwa mapiritsi. Zambiri mwa izi dokotala angazikonze posintha mankhwala kapena nthawi yomwera, bola auzidwe. Musasinthe nokha.

Zosintha pa moyo wawo musawaunjikire tsiku limodzi. Asankhe okha chimodzi choyambira. Ngati ndi mchere, WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku, ndipo muchepetse nonse m'nyumbamo, asamaoneke ngati akulangidwa. Akaphonya tsiku, apitirize mawa lake popanda kuwachititsa manyazi.

Koma mukaona kamwa lapindika, mkono wafooka mwadzidzidzi kapena akulephera kuyankhula, musadikire tsiku lolembedwa m'kope lija. Thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.