Deta yakale ya seismic si yotaya ayi

Achimwene, mwafunsa ngati makampani a mafuta sakungochita ulesi akamabwerera ku deta ya seismic (yoyeza miyala ya pansi pogwiritsa ntchito phokoso) ya zaka 20 kapena 30 zapitazo m'malo moyeza mwatsopano. Si ulesi ayi.

Poyeza, sitima imakoka zingwe zazitali zokhala ndi zida zomvera phokoso, n'kumaphulitsa mpweya m'madzi. Phokosolo limalowa m'miyala ya pansi pa nyanja n'kubwerera, ndiye amalijambula. Miyalayo ikadali pomwepo mpaka lero. Chasintha ndi mphamvu ya makompyuta ndi masamu osandutsira phokosolo kukhala chithunzi.

Taonani ku Gulf of Mexico, nyanja ya kumwera kwa dziko la America. Kumeneko mafuta ambiri ali kunsi kwa mchere wochindikala, ndipo mchere umakhotetsa phokoso moti chithunzi chinkatuluka mbuu. Kampani ya mafuta ya BP itawerenganso deta ndi njira yotchedwa full waveform inversion, inalengeza mu 2017 kuti yaona migolo ina 200 miliyoni ya mafuta pamalo ake opopera otchedwa Atlantis, ndipo mu 2019 migolo pafupifupi 1 biliyoni pamalo ena otchedwa Thunder Horse. Amenewa ndi mafuta ali pansi, sikuti onse adzatuluka, koma ndi m'malo omwe kampaniyo inkapopamo kale. Poona kufunika kosunga deta, Norway inakhazikitsa nkhokwe ya deta ya Diskos mu 1995, ndipo Britain inatsegula yake yotchedwa National Data Repository mu 2019. Lero deta ya ku North Sea, nyanja ya pakati pa maiko awiriwa, ikuthandizanso kupeza miyala yosungiramo mpweya wa kaboni. Chinanso chomwe chimandikhudza ine n'chakuti phokoso la sitimazi limasokoneza anamgumi, choncho kupewa kuyeza kosafunikira n'kwabwino.

Komabe kompyuta singabweze zomwe sizinajambulidwe. Ngati zingwe zinali zazifupi, kapena anangoyeza mizere yotalikirana, za pansi kwambiri sizioneka bwino. Matepi ena osungiramo deta anawonongeka, ena alibe zolemba zosonyeza pomwe sitima inadutsa. Ndipo pofuna kuona momwe mafuta akuyendera pamene akupopedwa, pamafunika kuyezanso n'kufananiza ndi deta yakaleyo.

Ife nafe nkhaniyi ikutikhudza. M'ma 1980, ntchito ya kafukufuku yotchedwa Project PROBE ya ku Duke University ku America inayeza seismic pa Nyanja ya Malawi. Kaya mumafuna kuti m'nyanjamo akumbe mafuta kaya mumakana, funsani aphungu anu ngati boma lili ndi deta yonseyo m'manja mwake, komanso ngati akatswiri athu a miyala amatha kuipeza.