Zoti tipange mafuta a njinga kuchokera ku chimanga kapena chinangwa

Achimwene a ku Santhe mwafunsa kuti poti petulo akuvuta chonchi, sitingatcheze tokha ethanol wa chimanga kapena chinangwa n'kumathira mu njinga za kabaza? Kutheka zimatheka ndithu, ku America ethanol wawo pafupifupi yense ndi wa chimanga, ku Thailand amagwiritsanso chinangwa. Kwathu kuno ethanol tinayamba kusakaniza ndi petulo mu 1982, fakitale ya Ethco ku Dwangwa, kenako PressCane ku Chikwawa mu 2004, koma onsewa amapangira molasesi, zotsalira za nzimbe akapanga shuga.

Molasesi ndi wotsekemera kale, yisiti amangofikira kudya. Chimanga ndi chinangwa muli sitalichi, yisiti sangamuthe, ndiye mpaka mugaye, muphike phala, kenako muthire chosandutsa phalalo kuti litsekemere. Ntchito imene chimera chimagwira mu thobwa ija ndi yomweyo, kufakitale amangothira ma enzyme ogula m'malo mwa chimera. Likawira masiku awiri atatu mowa umangofika 10 peresenti kapena kupyola pang'ono, kwinako konse ndi madzi.

Ndiye vuto lili pamadzipo achimwene. Ine ndakula ndikuona azakhali akutcheza kachasu kwa Chulu, dilamu pamoto, paipi yodutsa m'madzi ozizira, botolo likudontheza mmunsi, loyambalo ankalithira pamoto n'kuyaka buluu koma ngakhale limenelo madzi amakhalamo ambiri. Mutatcheza mobwereza ndi zida zabwino mumakathera pa 95 kapena 96 peresenti, kupyola apo moto suthandizanso, pamafunika makina ena ochotsa madzi otsalawo kuti afike 99 n'kupyola. Mukasakaniza wamadziyo ndi petulo amalekana mu thanki, madzi amakhala pansi, kabuleta imachita dzimbiri njinga n'kumazima pamsewu muli ndi kasitomala kumbuyo. Chonde musayese pa njinga yomwe mukudyera.

Tiwerengenso. Thumba la 50kg la chimanga, kufakitale yeniyeni, limatulutsa malita pafupifupi 20 basi, pakhomo simungafikeko, onjezani nkhuni zophikira ndi zotchezera, ife a Kasungu mitengo tinamaliza kale ndi fodya. Komanso amene tinaona njala ya 2002 kuno, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi, zoti thumba la chimanga lilowe mu thanki mtima wanga sukulola ayi.

Chinangwa ndiye ndingamvetsereko. Chimapirira ng'amba, sichilira feteleza ngati chimanga, ndipo chowawa chija chimagwira ntchito bwinobwino. Koma chachiwisi chimakhala ndi madzi ambiri, tani yonse imapereka malita cha m'ma 150, ndipo mukakumba masiku awiri atatu chayamba kuda mkati, ndiye kuli bwino kuchisenda n'kuyanika makaka, amasungika komanso sakulemera pa lole. Madzi otsukira chowawacho ndi poizoni, osataya kudambo komwe ziweto zikumwa.

Ngati mtima ulipodi, yambani ndi kalabu yolima chinangwa chambiri n'kumagulitsa makaka, zotcheza zimafuna ndalama zambiri komanso chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, poti ndi mafuta ogulitsa. Njinga yanuyo pakadali pano ipirire kaye pa mzere wa ku filing'i.