Laputopu ya mwana wa Fomu 1: ya 64GB isiyeni, sakani ya 256GB

Mayi, mwafunsa ngati laputopu yatsopano ya 64GB imene mwaiona ku Limbe ingamukwanire mwana wanu amene wangoyamba Fomu 1. Ine ndikuti isiyeni. Sakani ya 256GB, ndipo ikhale ya SSD, chosungira zinthu chamakono chimene chimagwira ntchito mwachangu.

Malo osungira zinthu a 64GB amenewo si a mwana yekha. Windows 11 ikangolowa imatenga magigabayiti opitirira 20, kenako muikemo Word ndi Excel, ma update nawo akubwera mwezi ndi mwezi kufuna malo awo. Ndinaziona pa laputopu ya mphwanga: teremu yoyamba isanathe malo anali atatha, update ikukana kulowa, mwana n'kumafufuta notsi zake kuti makina apume. Chopweteka kwambiri n'choti malaputopu otchipawa ambiri amasungira zinthu mu kachipangizo kotchedwa eMMC, kamene kanawotchereredwa pa bolodi ya m'kati mwa laputopu. Ngakhale mupite nayo kwa mmisiri wodziwa bwanji, n'kovuta kwambiri kuti akuchotsereni n'kuikamo yaikulu.

Makina oterewa anapangidwira ana a kumene intaneti ndi yotchipa, amene zinthu zawo amasunga pa intaneti pomwepo, monga pa Google Drive. Kwathu kuno bandulo timaigula mowerengera. Mwana amadawuniloda kamodzi n'kusunga, zina amatengerana ndi anzake pa flash. Mapepala akale a mayeso a MANEB ndi mabuku a PDF sadya malo ambiri, mutha kusunga mazanamazana. Odya malo ndi mavidiyo. Phunziro la Masamu kapena Physics la ola limodzi, ngati likuoneka bwino, limatha kuyandikira 1GB. Onjezani nyimbo ndi mafilimu, chifukwa mwana ndi mwana, aziikamo basi. Ndiye ganizirani kuti laputopuyi mukufuna imufikitse ku MSCE, zaka 4 zimenezo.

Ndalama zikavuta, ya 128GB ingathandize, koma azikhalira kusamutsa zinthu.

Chenjeraninso ndi ogulitsa amene angakukopeni kuti iyi ili ndi 500GB kapena 1TB (pafupifupi 1,000GB) pamtengo womwewo. Nthawi zambiri imakhala hard disk yakale, ija ya kambale kozungulira m'kati. Imachedwa kuyaka, komanso chikwama chikagwa kapena kuphwanyika pothithikana mu minibasi, zonse zimatha kupita. SSD ilibe chozungulira, imapirira.

Pandalama zimene mwakonzazo, ine ndikanatenga yogwiritsidwapo kale ntchito monga Dell Latitude, HP EliteBook kapena Lenovo ThinkPad, ya RAM ya 8GB (RAM si malo osungira zinthu aja, ndi imene imathandiza makina kuti asamachedwe). Zambiri mwa zimenezi SSD yake imasinthika mtsogolo. Onetsetsani kuti purosesa, ubongo wa laputopu, ndi ya Intel ya 8th generation kupita m'mwamba, kuti ilandire Windows 11, poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Musangokhulupirira zolembedwa pa kapepala komata. Auzeni aiyatse inu muli pomwepo, atsegule pulogalamu ya mu Windows yotchedwa Task Manager, apite pa Performance. Pa Disk pamalembedwa ngati ndi SSD kapena HDD, imene ndi hard disk yakale ija. Ya 256GB imaonetsa pafupifupi 238GB, musadabwe nazo, ndi kawerengedwe ka Windows. Azulenso chaja kwa mphindi zingapo muone mmene batire ikutsikira, poti magetsi akazima madzulo mwana adzafunabe kuwerenga.