Poto wa 40 si mapoto awiri a 20

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya mapoto a ku Tanzania imayenda bwanji, komanso chifukwa chake poto wa masentimita 40 ndimamugulitsa kuposa kanayi mtengo wa poto wa 20, pomwe inu mukuona ngati wangokula kawiri.

Za ulendo n'zosavuta. Basi mpaka Karonga, kudinditsa pasipoti pa Songwe, kuwolokera ku Kasumulu, kenako Mbeya mpaka Dar es Salaam. Timaoda ku Kariakoo. Malisiti musataye, a MRA amawafuna pobwera.

Funso lanu lachiwirilo ndi limene limadya mipamba ya ongoyamba kumene. Ulendo wanga woyamba ndinagula maseti, mtengo umodzi seti yonse, n'kudzawagulitsa mmodzimmodzi mongoyerekeza ndi maso. Akuluakulu anatha tsiku lomwelo chifukwa ndinawatchipitsa, ang'onoang'ono anakhala miyezi. Zinandipweteka kwambiri.

Mapoto a seti imodzi amafanana kapangidwe, amangosiyana kukula. Tengani wa 20 pakamwa, wozama 10, mumuike pambali pa wa 40 pakamwa, wozama 20. Pansi pa wamkuluyo pakula mbali zonse ziwiri, uku kawiri, uku kawiri, ndiye chitsulo chapitapo kanayi. M'mbali chimodzimodzi, kuzungulira kwawirikiza, kuzama nakonso kwawirikiza. Chivundikiro nacho kanayi. Wa 30 wakula kamodzi ndi theka, koma 1.5 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 2.25, ndiye chitsulo chake chaposa kale cha mapoto awiri a 20. Komanso akuluakulu nthawi zambiri amawapanga ochindikala, moti pa sikelo wa 40 amalemera kuposa kanayi. Ine masiku ano ndimayeza poto aliyense pa sikelo, mtengo wa seti, thiransipoti ndi msonkho n'kuzigawa motsatira kulemerako.

Kasitomala akadandaula mtengo, ndimamuuza za madzi. Wa 20 uja amalowa malita atatu basi, wa 30 amaposa 10, wa 40 amafika 25. Chitsulo kanayi, koma zolowamo ka 8, chifukwa m'kati mwakula mbali zitatu. Amayi a lesitilanti ndi amene amaphika pa maukwati ndi pamaliro amamva msanga, poti akudziwa mavuto ophika nsima ya khamu m'timapoto.

Polongedza nzeru yake ndi yomweyo. Katoni yowirikiza kawiri mbali zonse imadya pulasitiki yokulungira kanayi, koma imanyamula katundu wa timakatoni 8. Musapitirire nazo, yolemera kwambiri imang'ambika pansi ndipo anyamata onyamula pa boda amakweza mtengo. Mapotowo muziwalowetsana, mng'ono m'mimba mwa wamkulu, nyuzipepala pakati kuti asakalane, zivundikiro muzimange pazokha.