Oboe yamtengo kapena yapulasitiki: tisankhe iti?

FUNSO: Ndimaphunzitsa nyimbo achinyamata a pampingo pathu. Mnzathu wa kunja akufuna kutigulira oboe imodzi (mtundu wa chitoliro), ndiye wati tisankhe, yamtengo kapena yapulasitiki. Ena akuti yapulasitiki ndi chidole chabe. N'zoona?
Mphunzitsi wa nyimbo, Chitakale, Mulanje

YANKHO: Aphunzitsi, si chidole ayi. Poti ndi ya ophunzira, tengani yapulasitiki.

Oboe zambiri zamtengo amazipanga ndi phingo, mtengo wakuda wolimba uja womera kuno kwathu, ku Mozambique ndi ku Tanzania. Opanga zitoliro amautcha grenadilla. Akatswiri amaikonda oboe yotere chifukwa cha kukoma kwa liwu lake, ndipo sakunama. Vuto ndi kung'aluka. Chitolirochi chili ndi zigawo zitatu, ndipo chimene chimang'aluka kawirikawiri ndi chapamwamba, pamene njira ya mpweya ndi yopapatiza, timabowo tili pafupipafupi. Mpweya wa woimba ndi wofunda komanso wonyowa. Mkati mumafufuma kunja kudakali kozizira, basi mtengo nkung'ambika pakati pa timabowo tija. Tsono taganizani za kwanuko: chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, kenako ng'amba ya mu Okutobala, kenako mvula ya m'tsinde mwa phiri. Mtengo umangofufuma ndi kunyala chaka chonse, ndipo mng'alu wa oboe si wopita nawo kwa kalipentala.

Yamtengo ikakhala yatsopano imafuna kuizoloweza: kuiimba mphindi 10 mpaka 15 patsiku m'masabata oyamba, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Musanaimbe muzifunditsa chigawo chapamwamba m'khwapa, osati pamoto kapena padzuwa. Chida chosinthana ana angapo sichingasamalidwe chonchi.

Yapulasitiki, monga Yamaha YOB-241 kapena Fox Renard 330, sing'aluka ndi nyengo. Nayo ili ndi kavuto kake: pulasitiki samwa madzi, choncho madontho amatha kutseka timabowo, liwu n'kumatuluka lokhwekhwereza. Ikani kapepala kopyapyala pansi pa kiyi (kachitsulo kotseka kabowo) kuti kamwe madziwo, ndipo mukatha kuimba kokani kansalu kopukutira mkati, mutaonetsetsa kuti sikanapange mfundo, chifukwa kakakanirira kumtunda kopapatizako kamavuta kutulutsa. Ilipo njira yapakati: oboe yokhala ndi chigawo chapamwamba chapulasitiki, zinazo zamtengo, kapena Green Line ya Buffet Crampon, yopangidwa ndi utuchi wa phingo wosakaniza ndi utomoni. Izi n'zodula, zidikire mwana atazama.

Kwa wophunzira, liwu limadalira kwambiri kabango koyimbira, kamene woimba amaika pakamwa n'kuuzira mpweya, kuposa thupi la chitoliro. Mnzanuyo mumuuze atumize timabango tofewerapo tosachepera tisanu, poti kamodzi kamatha m'masabata ochepa. Kaviikeni m'madzi oyera mphindi ziwiri kapena zitatu musanayambe, ndipo kaume musanakatsekere m'kabokosi, kuopa nkhungu ya nthawi ya dzinja. Timasikuluwu ta pa makiyi ana asatigwire: kamodzi kakapotoka pang'ono, mawu apansi amasiya kutuluka.