Shuga mu tiyi sachita "melt"

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene aphunzitsi anathethera mwana wanu atalemba kuti "sugar melts in tea", chikhalirecho tonsefe timati shuga wasungunuka. Aphunzitsiwo sanamulakwire, komanso mwanayo musamukalipire. Ife timangoti kusungunuka ponseponse, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa, makamaka pa sayansi.

"Melt" ndi pamene chinthu cholimba chasanduka chamadzimadzi chifukwa cha kutentha, pachokha, osachithira m'chinthu china. Ayezi amene ogulitsa chambo amakwiriramo nsomba, ndi dzuwa la kuno ku Mangochi la mu Okutobala, pofika masana amakhala ali madzi okhaokha. Imeneyo ndiyo "melt", ndipo ayezi amayamba kutero pa madigiri 0. Kandulo, majarini m'poto, phula la pamsewu, chimodzimodzi. Nazonso zitsulo zimatero moto ukakwana: aluminiyamu amene amisiri amaumbira mapoto amasungunuka pa madigiri 660.

Za shuga mu tiyi amati "dissolve". Chimene chamusungunula ndi madziwo, osati moto. Muthireni m'madzi ozizira a mumtsuko, asungunukabe, kungoti mochedwa. Mchere wa m'ndiwo nawonso ndi "dissolve", chifukwa kuti mchere uchite "melt" pamafunika madigiri 801, kutentha kumene mphika wa ndiwo sungakufike. Mwanayo mumuuze kuti azidzifunsa: chinthuchi chikazizira chiumanso? Madzi a ayezi mukawabwezera mufiriji amagwirananso. Tiyi akazizira, shuga amakhalabe m'madzimo. Ine ndimaona kuti mwana akachita zimenezi ndi manja ake kukhitchini, kapu iyi ayezi, kapu iyi shuga, saiwalanso, kusiyana ndi kungoloweza.

Nkhuku youma gwa yochokera mufiriji ikamafewa amati "thaw", poti siisanduka madzi. Zimene ankachita makolo athu m'ng'anjo, kutulutsa chitsulo m'miyala, ndi "smelt". Chitsulo kapena mwala zimene zili zamadzimadzi ndi moto amazitcha "molten".

M'mabuku a nthano adzakumananso ndi "her heart melted", kutanthauza kuti mtima unafewa, anagwidwa chifundo kapena chikondi. "The crowd melted away" ndiye kuti anthu anabalalika pang'onopang'ono, mmodzimmodzi. Polankhula wamba Angerezi eni ake amanena kuti siwiti yachita "melt" m'kamwa ndipo palibe amawadzudzula, koma pa mayeso a sayansi alembe "dissolve" akamanena za shuga kapena mchere m'madzi.